Kuwondetsa Che Amidu M'chaka cha Kaliwondewonde

1979 mpaka 1990

Ana anga, za ubwana wanga ndazilumpha dala, poti azakhali anu anakufotokozerani kale, mwinanso anathiramo ndi mchere womwe. Ndiyambira pa tsiku limene boma linandiveka jasi loyera. Ndinamaliza maphunziro a zachipatala mu 1979, ndipo ananditumiza ku kachipatala kena ka kuchigwa cha Shire kuti ndikakhale wothandizira dokotala, ngakhale kuti dokotala woti ndimuthandizeyo ankabwera kamodzi pamwezi, msewu ukalola. Anthu ankangonditchula kuti adokotala, ine n'kumavomera mosachita manyazi. Bwana wanga woyamba anali a Thom, munthu wosaseka ndi wochedwa, amene ankayeza ukhondo wa wodi popaka chala pawindo. Ndinkawaopa kwabasi, koma anandisiyira nzeru imodzi imene sindinaipeze m'buku lililonse. Tsiku lina anandipeza ndikuthamangitsa cholembera wodwala asanamalize kulankhula, ndipo anati, "Kamwendo, mwamuna akalowa n'kukuuza za mutu, usafulumire kulemba. Matenda amene wabwerera amawatchula atagwira kale chitseko."

Kumeneko ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Kenako anandiponya ku Kasungu, pakati pa minda ya fodya, kumene ndinasoka mabala a zikwanje mpaka ndinkatha kusoka ndikucheza za mpira. Nkhani za kumeneko n'zambiri, koma imene ndikufuna muisunge inachitikira ku Mzuzu.

1991 ndi 1992

Kalata yondisamutsa inafika mu Epulo 1991. Amayi anu analira ngati tikupita kunja kwa dziko. Tinapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Mchengautuwa, ndipo mwezi woyamba zochapa sizinkauma chifukwa cha mvula yamawawa yosadziwa kalendala. Chitumbuka changa chinkayambira pa "monile" n'kuthera pa "yewo", koma odwala ankandichitira chifundo n'kumandilankhula Chichewa chawo chokoka. Bwana wathu pa kachipatala ka m'tauni kamene ananditumizako anali a Mhango, munthu wabwino mtima koma wamantha. M'masiku a chipani chimodzi amenewo mantha sanali mlandu, koma a Mhango ankapyola muyezo, moti ankacheuka kaye asanayankhe moni. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "A Kamwendo, pano tikugwira ntchito yathu pera. Politics yayi."

Chaka cha 1992 chinatipana. Kunagwa chilala, mayiko akunja anaimitsa thandizo pofuna kuti boma lisinthe kayendetsedwe, ndipo mashelefu athu anayera. Tinkalemba mankhwala amene tinkadziwa kuti kulibe. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe ngati masokosi. Sikelo ya akuluakulu inathyoka, tinalemba makalata atatu, yankho silinabwere. Pamwamba pa zonsezi panali matenda aja amene anthu sankafuna kuwatchula dzina. M'chipatala tinkati Edzi, koma m'misewu ankati kaliwondewonde, ena ankati matenda a boma. Maliro anachuluka. Anthu anayamba kuyezana ndi maso, ndipo munthu akangobweza lamba bowo limodzi, anzake ankayamba kumutsanzika mumtima. Muzikumbukira zimenezi pamene mukuwerenga zotsatirazi, apo ayi mudzati anthu a ku Mzuzu anali oipa, pamene anali amantha chabe.

Januwale mpaka Malichi 1993

Munthu amene ndikumutcha Che Amidu, limeneli silinali dzina lake, ndipo iye ndi akazi ake anandilola kulemba izi ndisanagwire cholembera. Anali wa ku Mangochi, Msilamu, wa zaka ngati makumi anayi, mwini sitolo ya nsalu ndi zakudya pafupi ndi msika. Kunenepa kwake kunali kotchuka. Anthu akamupatsa moni ankati, "Mwanenepa, Che Amidu, Mulungu akukukondani," iye n'kumasisita mimba mosangalala. Tsiku limene analowa mu ofesi yanga anatseka khomo lonse, ndipo lamba wa makina oyezera kuthamanga kwa magazi sanakwane pamkono wake, ndinachita kumangirira ndi bandeji. Magazi ankathamanga moopsa. Anadandaula za mutu, za mawondo, za befu. Ndinamupatsa timapiritsi tochepa timene tinatsala, iye anathokoza, nanyamuka. Atagwira chitseko anaima. Ine ndinaika cholembera pansi.

"Adokotala," anatero asakundiyang'ana, "kodi munthu akagwa mumpapaya, amakweranso?"

Ndinamuuza kuti atseke chitseko, akhale pansi. Anandifotokozera kuti panali patatha zaka ziwiri asakutha kugwira ntchito ya mwamuna m'banja. Gondolosi anatafuna mpaka nsagwada zinatopa, zitsamba za asing'anga anamwa zamitundumitundu, koma ayi ndithu. Chifukwa cha manyazi anasamukira pabalaza, akumanamizira kuti kuchipinda kumamutentha. Tangoganizani, kutentha ku Mzuzu! Akazi ake, Abiti Saidi, amene anali nawo mwana mmodzi wamkazi, Mariamu, anali atasiya kumufunsa, ndipo iye ankaopa kuti tsiku lina adzangomanga katundu.

Kenako anasendera pafupi. "Msuweni wanga ali ku Joni wandilembera kuti kumeneko madokotala amadula chifu n'kuchisoka kuti chichepe. Munthu amadya pang'ono, n'kuwonda. Bwana wake anachita zimenezo, ndipo akuti mphamvu zonse zinabwerera. Ndilembereni kalata ndipite."

Opaleshoni imeneyo ndinali nditangoiwerengapo m'magazini yakale imene dokotala wina wachizungu anaisiya m'kabati. M'dziko muno kunalibe woichita, ine ndinalibe mphamvu yotumiza munthu kunja, komanso sindinkadziwa kuti ndi angati amadzuka bwino pa tebulo limenelo. Ndinamuuza zonsezi mosabisa. Koma ndinamuuzanso kuti msuweni wakeyo sananame kwenikweni. Mafuta akachuluka m'thupi misempha imapanika, magazi safika mokwanira kumene akufunika, ndipo mphamvu za mwamuna zimayenda ndi magazi. "Sindikukulonjezani, Che Amidu," ndinatero. "Ena zimawathandiza, ena ayi. Koma mpeni wa ku Joniwo ntchito yake n'kuchepetsa chakudya basi. Bwanji tichepetse tokha, mimba isanang'ambidwe?"

Nditamufunsa zimene amadya, ndinatopa ndine wolemba. Tiyi wa masipuni asanu katatu patsiku, mandasi osawerenga, mpunga wosambira m'mafuta, ndipo kasitomala aliyense wolemekezeka akabwera, botolo la zoziziritsa kukhosi kwa mlendo, lina kwa mwini sitolo. Tinapangana zoyambira m'mwezi wa Ramazani, umene chaka chimenecho unayamba kumapeto kwa Febuluwale. Iye anaseka n'kuti m'mwezi womanga, wosala kudya masana, ndiye amanenepa kwambiri, chifukwa pomasula amabwezera za tsiku lonse. Ndinati chaka chino mbale ndi imodzi, masamba ambiri, tiyi wopanda shuga. Poti sikelo yathu inali yakufa, ndinkamuyeza Lachisanu lililonse akachokera kumzikiti, kuseri kwa sitolo yake, pa sikelo yoyezera matumba. Tsiku loyamba inaloza makilogalamu 131.

Kuyenda ndiko kunavuta. Anati munthu wa galimoto akaoneka wapansi, anthu amati wagwa. Ndinaona kuti yekha sayenda, choncho ndinayamba kumutenga. Akamaliza swala, pemphero la m'bandakucha, ndinkamupeza pageti pake ku Geisha, n'kulowera njira ya ku Lupaso. Sabata yoyamba tinkapuma pamtengo uliwonse, iye akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, akunditukwana m'Chiyao poganiza kuti sindikumva.

Juni 1993

Pofika nthawi ya riferendamu, pamene dziko linkasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, Che Amidu anali atataya makilogalamu khumi ndi asanu ndi awiri. Befu linatha, magazi anatsika, ankakwera chitunda akulankhula. Ine ndinkayenda modzitukumula. Sindinadziwe kuti ndakumba dzenje.

Woyambitsa anali telala amene anamubwezera mikanjo. Anangouza munthu mmodzi kuti wachotsa nsalu yokwana kusokera mwana malaya, ndipo sabata isanathe msika wonse unagamula kuti Che Amidu watenga kaliwondewonde. Azimayi anasiya kugula mchere ndi shuga woyezedwa ndi dzanja lake. Amene ankamutama aja anayamba kumupatsa moni wa patali, wachisoni, wa "mwadzuka bwanji lero?" A Mhango anandiitana mu ofesi, natseka chitseko ndi windo lomwe.

"A Kamwendo, mwandiika pamoto," anatero monong'ona. "Ena akuti inu ndi Mchawa uja mumayenda m'mamawa kumwaza makalata a matipate. Ena akuti munthu uja akudwala ndipo inu mukubisa. Munthu anali makola, very healthy, inu mukumuwondetsa. Akuyowoya chomene, anthu akulankhula m'tauni muno. Lekani, adada."

Ndinawayankha kuti makalata a matipate safunikanso kumwaza m'mamawa, anthu akuwerengera poyera, ndipo wodwala wanga sindimusiya panjira. Koma ndivomere pano kuti mawu a anthu anandilowa. Ndinadzifunsa kuti, bwanji ngati akuwonda ndi matendawo, ine n'kumaombera m'manja? Ndinamuyeza thupi lonse, sindinapeze chifuwa, zotupa kapena zilonda za m'kamwa. Zida zoyezera magazi zinali zochepa, ankazisungira magazi opereka kwa odwala, choncho ndinamupempha kuti akapereke magazi ku chipatala chachikulu n'kupempha zotsatira. Anapita, ndipo anapezeka alibe kachilombo. Ndinapuma. Koma pepalalo silinathandize kanthu kumsika, poti anthu ankati wolemera amagula pepala lililonse.

Ogasiti 1993

Mphekesera zinakwera basi mpaka ku Mangochi. Lachiwiri lina kunabwera bambo wamtali, wa ndevu zometa bwino, nalowa mu ofesi yanga osadikira mzere. Anati ndi Che Yusufu, mchimwene wawo wa Abiti Saidi, ndiye mwini mbumba.

"Adokotala, ine ndaika kale alongo anga awiri m'manda," anatero. "Wachitatu sindimuika. Mundiuze chimene mukumuchiza mlamu wangayu. Ngati si matenda aja, nenani ndi chiyani. Mukakhala chete, Loweruka ndikutenga mlongo wanga ndi mwana."

Ana anga, pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito, sindinavutikepo mumtima ngati pa mphindi imeneyo. Munthuyu sanali woipa, anali wolira. Ndinamuuza za kuthamanga kwa magazi, poti zimenezo Che Amidu ankazinena yekha poyera, koma iye anapukusa mutu n'kuti anthu a BP ndi ambiri ndipo sasamuka kuchipinda. Apo ndinadziwa kuti mlongo wake anamudandaulira. Chiganizo chimodzi chokha chikanapulumutsa banja lija. Koma chiganizo chomwecho chikanafika ku Mangochi, n'kubwereranso kumsika wa Mzuzu, ndipo Che Amidu akanakhala nyimbo ya ana. Chinsinsicho sichinali changa. Ndinati, "Pepani bambo, za wodwala ndimakamba ndi wodwala." Anandiyang'ana ngati ndine wakupha, natuluka. A Mhango, amene ankamvetsera kuseri, anati ndikanangomunong'oneza, nkhani ikanatha. Ndinawauza kuti ndikanong'oneza mmodzi, mawa palibe mwamuna adzaimenso pachitseko changa.

Nditaweruka ndinapita kusitolo. Ndinamupeza Che Amidu kuseri, atakhala pafupi ndi sikelo, patsogolo pake pali mbale ya mandasi ndi mabotolo awiri. Mtima unandiwira.

"N'chiyani ichi?"

"Ndikubweza thupi langa, adokotala. Manyazi akale aja anali a m'nyumba, tinkawadziwa anthu awiri. Awa mwandipatsawa akuwadziwa Mzuzu yense. Bola ndinenepe, makasitomala abwerere, alamu anga apite."

"Akazi anu munawauza chifukwa chimene mukuwondera?"

"Ndinati ndi BP."

"Nanga chifukwa chimene munasamukira pabalaza?"

Anati mwamuna sanena zotero kwa mkazi, mkazi amangodziwa. Ndinamufunsa ngati anayesako kubwerera kuchipinda chiyambire kuwonda. Anati ayi, ankaopa kukalepheranso. Ndinamuuza mosapsatira kuti ndiye wadzikolezera yekha moto. Mkazi akuona mwamuna amene wamuthawa zaka ziwiri, kenako mwamunayo akuyamba kuwonda m'chaka ngati chino, angaganize chiyani? "Muwauze nokha, kapena mundilole ndiwauze inu muli pomwepo. Ndipo pano sindichoka musanasankhe." Ndinakhala pa thumba la mpunga, ndinapinda manja. Iye analowa m'sitolo, anagulitsa, anabwera, anandipeza. Analowanso, anabwera, anandipeza. Ulendo wachitatu anati, "Inu a ku Ntcheu ndinu anthu ouma mutu." Anakankha mbale ija ndi phazi, n'kuti abwera nawo Lachinayi.

Abiti Saidi anali mayi wamng'ono thupi, wofatsa, wovala mpango wobiriwira. Ndinafotokoza zonse pang'onopang'ono, za misempha, za magazi, za pepala la ku chipatala chachikulu, mwamuna wawo akuyang'ana pansi. Anamvetsera osaphethira. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye kuti palibe mkazi wina?"

"Palibe," anayankha Che Amidu.

"Zaka ziwiri, bambo a Mariamu. Zaka ziwiri ndakhala ndikudziyang'ana pagalasi kufuna pamene ndinaipira." Analira, ine ndinatuluka kukayang'ana mashelefu opanda kanthu kuti ndiwapatse mpata.

Loweruka Abiti Saidi sanapite. Anauza mchimwene wawo kuti mwana amalize kaye chaka kusukulu, ndipo Che Yusufu anavomera monyinyirika, nati abweranso mu Disembala ndipo ulendo umenewo sadzabwerera yekha.

Disembala 1993

Miyezi inayi imeneyo khitchini inalamulidwa ndi Abiti Saidi, ndipo anali wankhanza kuposa ine. Che Amidu anatsika kufika pa 104. Makasitomala ena anabwerera ataona kuti munthu wakufayo akunyamula yekha matumba, koma ambiri ankadikirabe maliro. Ndikamufunsa za kunyumba ankangoti, "Tikuyesa, adokotala," n'kusintha nkhani. Sindinkadziwa ngati "tikuyesa" ameneyu ndi wa chimwemwe kapena wa ulemu chabe, ndipo ndinkaopa kuti ndamuvutitsa munthu chaka chathunthu popanda phindu.

Che Yusufu anabweradi, ndi mkulu wina wa kwawo amene anali nkhoswe ya ukwatiwo. Anandiitana kunyumba ku Geisha Loweruka masana, mvula ikugwa. Tinavula nsapato pakhomo, amuna tinakhala pamipando, Abiti Saidi anakhala pamphasa chapakhomo la kukhitchini. Che Yusufu sanazungulire.

"Tamuonani munthuyu. Mu Ogasiti anali ndi masaya, lero watha. Adokotala, ndikukufunsani komaliza pamaso pa ankhoswe. Akudwala chiyani?"

Ndinati yankho langa silinasinthe. Ndinaona Che Amidu akupukuta manja pamkanjo. Ndinadziwa kuti wasankha kudzivula yekha kuti mkazi wake asapite, ndipo ndinamumvera chisoni chachikulu.

"Alamu," anayamba, "chimene ine ndinapitira kuchipatala..."

"Khalani chete, bambo a Mariamu," anatero Abiti Saidi. Sanakweze mawu. Anatembenukira kwa mchimwene wawo. "Achimwene, amene akuwondetsa bambowa ndine. Mafuta ndimabisa ndine, shuga ndimabisa ndine. Pamene anali onenepa munkawatama nonse, koma ine ndinkakhala m'nyumba muno ngati namfedwa. Lero inu mukuwalira maliro, ine ndiye ndakwatiwa tsopano. Ndipitirize? Ndinu mlongo wanga, si nkhani zoti mumve inu, koma mukakakamira ndifotokoza zonse, ndi masiku omwe."

Nkhoswe ija inavula chipewa n'kubisamo nkhope, mapewa akugwedezeka. Che Yusufu anagwira makutu onse awiri, n'kudzambatuka. "Basi, basi, chemwali, ndamva!" Anatuluka liwiro mpaka kugeti, akuponda matope ndi masokosi okha.

Umu ndi mmene ine dokotala ndinamvera zotsatira za ntchito yanga ya miyezi khumi ndi umodzi. Ndinayang'ana Che Amidu. Misozi inkatsika m'masaya ophwa aja, koma ankaseka, ndipo nanenso maso anandiyabwa. Abiti Saidi anadzuka, anatola nsapato za mchimwene wawo, anakawapatsira pageti mvula ikuwanyowetsa. Atabwerera sanakhalenso chapakhomo paja. Anakoka mphasa, naiyala pafupi ndi mpando wa mwamuna wawo, n'kukhala pansi.